Zodabwitsa 22 Zoti Mudziwe Musanagule Makhadi a Tarot a Khwangwala

Bokosi lakuda bii, pamwamba pake khwangwala wotukumula nthenga, diso lake lili pa inu. Ndani angalidutse osalitembenuza? Makhadi a tarot okhala ndi zithunzi za akhwangwala ali mbwee m'masitolo a mabuku ku Ulaya ndi ku America, ndipo ambiri amagula chifukwa bokosi lawakopa, n'kukazindikira ali kunyumba kuti makhadiwo sawerengeka. Inu musagwe m'mbuna imeneyo. Sendezani mpando, ndikugawireni mfundo 22, imodziimodzi, zina za makhadi, zina za mbalame. Zina muzikana poyamba. Bwanji 22, osati 20? Sungani funsolo, yankho lili pa nambala 5.

1. Tarot inayamba ngati masewera basi.
Talotani: ndani anayambitsa makhadi amenewa? Asing'anga? Olosera nyenyezi? Mwaphonya. Anali anthu olemera a ku Italy ofuna chosangalatsa madzulo. Zolemba zakale kwambiri zotchula makhadiwa ndi za ku Florence mu 1440 ndi ku Ferrara mu 1442, ndipo anali makhadi osewerera: lamphamvu kudya lofooka, wochenjera n'kupambana. Panadutsa zaka zoposa 300 anthu asanayambe kusindikiza mabuku oombezera nawo. Mpaka lero ku France kuli bungwe loyendetsa mipikisano ya tarot, lomwe linakhazikitsidwa mu 1973. Ndipo Sigmund Freud, katswiri wofufuza maganizo a anthu uja, ankasewera mtundu wina wa masewerawa Loweruka madzulo ku Vienna, osawafunsa makhadiwo kalikonse ka mawa.

2. Mdyerekezi anasowa.
Makhadi otchuka a mabanja a Visconti ndi Sforza, olamulira a Milan, anajambulidwa pamanja m'zaka za m'ma 1450 n'kukutidwa ndi golide weniweni. Lero atsala 74 mwa 78, ndipo anamwazikana: 35 ali ku Morgan Library ku New York, 26 ku Accademia Carrara ku Bergamo, 13 ali m'manja mwa banja lina la komweko. Ndiye osowawo ndi ati? Awiri ndi makhadi ang'onoang'ono. Awiri enawo ndi Mdyerekezi ndi Nsanja yowombedwa ndi mphezi, makhadi amene anthu amawaopa koposa. Akatswiri a mbiri akutsutsanabe: anatayika, wina anawachotsa dala, kapena sanajambulidwe n'komwe? Kampani yofuna kusindikiza makhadiwa lero imachita kulemba wojambula ganyu yopanga Mdyerekezi watsopano.

3. Nkhani ya ansembe a Farao inapekedwa ku Paris.
Mukamva wogulitsa akuti tarot ndi nzeru zobisika za ku Egypt wakale, dziwani kuti nkhaniyo ili ndi mwini wake ndi chaka chake. Mwini wake ndi Antoine Court de Gébelin, m'busa wa Chipulotesitanti, ndipo chaka ndi 1781. Anapeza anthu akusewera makhadi m'nyumba ya mayi wina, anawayang'ana kanthawi kochepa, n'kulengeza m'buku lake kuti wapeza nzeru zotayika za ansembe a mulungu Thoth. Umboni analibe, koma nkhaniyo inakoma ndipo inafala ngati moto. Pa nthawiyo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ankatha kuwerenga zilembo zakale za ku Egypt. Champollion anadzazimasulira mu 1822, ndipo m'zolembazo simunapezeke tarot.

4. Koma Egypt alimo ndithu, analowera khomo lina.
Musafulumire kumuseka m'busa uja. Makhadi osewerera wamba anafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1370 kuchokera ku dziko la Asilamu olamulira Egypt otchedwa Mamluk. Ena mwa makhadi awo akusungidwa kunyumba yachifumu ya Topkapi ku Istanbul, ndipo magulu ake anayi muwazindikira msanga: zikho, ndalama, malupanga ndi ndodo. Ndi magulu omwewo amene muwapeze m'bokosi lanu la khwangwala. Kusiyana kuli pa ndodo. Kwa a Mamluk zinali zomenyera mpira pa masewera a pakavalo otchedwa polo. Anthu a ku Italy ndi Spain masewerawo sankawadziwa, choncho anazisandutsa zibonga ndi ndodo zachifumu. Ndodo imene lero ena amaiyesa yamatsenga inayambira pabwalo la masewera.

5. Werengani, akwane 78.
Nali yankho lija. Paketi yeniyeni ya tarot ili ndi makhadi akuluakulu 22, monga Chitsiru, Dzuwa, Mwezi, Imfa ndi Chiweruzo, kuphatikizapo ang'onoang'ono 56. Ang'onoang'onowo ali m'magulu anayi a makhadi 14: kuyambira 1 mpaka 10, kenako mnyamata wa kwa mfumu, msilikali wa pakavalo, mfumukazi ndi mfumu. Apa ndi pamene ogula ambiri amapunthwa. Pashelefu yomweyo pamakhala mabokosi ena okongola a akhwangwala olembedwa kuti oracle. Amenewo alibe lamulo. Wojambula akafuna makhadi 40 kapena 52, palibe womuletsa, ndipo matanthauzo amapeka yekha. Si oipa ayi, koma buku la tarot limene mungagule silidzagwirizana nawo. Tembenuzani bokosi, musake nambala 78 musanapise m'thumba.

6. Wojambula makhadi otchuka koposa anamusiya pa dzina.
Makhadi amene anthu ambiri amaphunzirirapo anatuluka ku London mu 1909, ndipo kwa zaka zambiri ankatchedwa Rider-Waite. Rider ndi kampani yosindikiza. Waite ndi amene anapereka malangizo. Nanga anagwira burashi ndani? Pamela Colman Smith, wobadwa mu 1878, amene anakulirako ku Jamaica ndipo mu 1899 anatulutsa buku la nthano za kangaude Anansi, nthano zomwe mizu yake ili kumadzulo kwa Africa. Anajambula makhadi onse 78 m'miyezi yowerengeka, analipidwa zochepa, analowa mpingo wa Katolika mu 1911, ndipo anamwalira ku Bude mu 1951 ali ndi ngongole. Lero ambiri amati Rider-Waite-Smith. Koma tengani makhadiwo muyang'ane m'ngodya: pali kachizindikiro ka zilembo P, C ndi S zolukana. Dzina limene linasowa pa bokosi anali atalisaina kale m'kati.

7. Mayeso enieni ali pa makhadi ang'onoang'ono.
Pa makhadi akale a ku Marseille, khadi la zikho 5 ndi zikho zisanu zongondandalikidwa, basi. Pamela anasintha zimenezi. Pa khadi lake pali munthu wofunda chovala chakuda, wazyolika, maso ali pa zikho zitatu zogubuduka. Kumbuyo kwake kwaima zikho ziwiri zosatayika, ndipo chapatali pali mlatho wowolokera kunyumba. Ngakhale simunatsegulepo buku, mwamva kale: akulira zotayika, waiwala zotsala. Akatswiri amaona kuti nzeruyi anaitengako ku makhadi a Sola Busca a mu 1491, amene zithunzi zake zinafika ku British Museum mu 1907. Ndiye pogula musakopeke ndi Dzuwa kapena Mwezi, amenewo aliyense amawajambula mwaluso. Pemphani kuona zikho 5. Mukapeza nthenga zisanu zokha popanda nkhani, dziwani kuti makhadi 40 mudzachita kuloweza pamtima.

8. Nambala 8 imaulula mtundu.
Tarot ili ndi mabanja atatu akuluakulu: Marseille, Rider-Waite-Smith ndi Thoth. Woyamba kumene asankhe la Waite, chifukwa mabuku ambiri ophunzitsira amatsata limenelo. Mulizindikira bwanji? Sakani nambala 8. Mukapeza Mphamvu, mayi wogwira kukamwa kwa mkango, muli kwa Waite, amene anasinthanitsa 8 ndi 11 kuti zigwirizane ndi kawerengedwe kake ka nyenyezi. Mukapeza Chilungamo chili ndi sikelo ndi lupanga, limenelo ndi dongosolo lakale. Mukaona kalonga wamwamuna ndi wamkazi pakati pa makhadi achifumu, mwalowa kwa Thoth. Makhadi a Thoth anawajambula Lady Frieda Harris kwa zaka pafupifupi zisanu motsogozedwa ndi Aleister Crowley. Anayamba kugulitsidwa liti? Mu 1969, eni ake onse awiri ali kale m'manda.

9. M'makhadi a 1909 khwangwala alibe malo.
Tanenani, ndi khadi liti la Pamela limene khwangwala wakhalapo? La Imfa? La Nsanja? Ayi ndithu. Pali nkhunda yoyera yotsikira m'chikho. Pali kabawi wovekedwa kachipewa, watera padzanja la mayi wolemera m'munda wa mpesa. Pali chiwombankhanga pangodya ya khadi la Dziko. Khwangwala alibe khadi lake. Makhadi a akhwangwala ndi a dzulodzuloli. The Raven's Prophecy Tarot ya wolemba mabuku Maggie Stiefvater inatuluka mu 2015. The Crow Tarot ya MJ Cullinane, yomwe imatsata zithunzi za Pamela n'kuika mbalame pamene panali anthu, inafalitsidwa ndi U.S. Games mu 2019. Murder of Crows Tarot ya Corrado Roi wa ku Italy ndi ya inki yakuda pa pepala loyera. Wina akati akugulitsa makhadi a khwangwala a makedzana, mwina njinga yanu ndi yakale kuwaposa.

10. Pa bokosi lanu mwina si mbalame imene mukuganiza.
Pamabokosi muona mayina awiri, raven ndi crow, ndipo ndi mbalame ziwiri zosiyana. Yoyambayo ndi chimphona: mapiko ikatambasula amapitirira mita imodzi, mlomo ndi wokhuthala, pakhosi pali nthenga zanyankhalala, mchira ndi wosongoka pakati. Imakonda kuyenda banja, yaimuna ndi yaikazi kwa zaka zambiri, ndipo ikasangalala imadzigubuduza m'mwamba mpaka kuuluka chagada. Yachiwiriyo ndi yocheperako, pakhosi posalala, nthenga za kumchira zofanana kutalika, ndipo imakonda chigulu. Yang'anani mchira pa chithunzi, mudziwa ngati wojambula anakhalapo pansi kuonetsetsa mbalame yeniyeni. Tsono gwirani ichi: chimphona cha mawu osasa chija akatswiri amachiwerengera m'gulu la mbalame zoimba, ndipo chili pakati pa zazikulu koposa m'gululo.

11. Wa kwathu kuno wavala zoyera.
Khwangwala wamkulu wakuda bii wa pamakhadi amakhala chakumpoto kwa dziko lapansi, kuyambira kumadzi oundana a ku Arctic mpaka kuzipululu za kumpoto kwa Africa, ndipo okwera phiri la Everest anamuonapo pamtunda wopitirira mamita 6,000. Ku Malawi kulibe. Amene amatera padenga la msika ku Lilongwe kapena ku Chipata, kudikira kuti wokazinga tchipisi atembenuke, ndi wa chifuwa choyera uja. Koma kwerani Mulanje, Zomba kapena Nyika, mukumana ndi mbale wake wa chimphona chija: wakuda, wa chigamba choyera kumbuyo kwa khosi, mlomo wokhuthala wokhota wa nsonga yoyera. Ameneyu akapeza fulu sataya nthawi kugogoda chigoba. Amamunyamulira m'mwamba n'kumugwetsera pamwala.

12. Nthenga yakuda ili ndi mitundu yambiri.
Muoneni khwangwala padzuwa la m'mawa: nthenga zimanyezimira buluu, pepo ndi kubiriwira pang'ono. Wojambula wodziwa ntchito amaika mitunduyi, ndipo ndiyo imathandiza diso kusiyanitsa phiko ndi mtambo. Wina amangothira inki yakuda paliponse, makhadi n'kuoneka bwino pa foni, koma usiku pa nyali yofooka onse 78 amafanana. Palinso za pepala. Makhadi akuda m'mphepete amayamba timadontho toyera mukawasakaniza kambirimbiri, chifukwa m'kati mwa pepala si mwakuda. Onyezimira kwambiri amathobwa m'maso ndiponso amaterera. Msinkhu wozolowereka ndi pafupifupi masentimita 7 m'lifupi ndi 12 m'litali, ndipo oposa apo amavuta m'manja ang'onoang'ono. Sankhani monga musankhira chitenje: chitambasuleni chonse padzuwa, osangoona pamene wogulitsa wapindira.

13. Mbalame yodya zakufa inadyetsapo mneneri.
Pa makhadi ambiri a Marseille, nambala 13 ilibe dzina n'komwe: pali mafupa a munthu ogwira chikwakwa chachikulu, pansi pake popanda mawu. Kwa Pamela, Imfa yakwera kavalo woyera, koma chapatali dzuwa likuwala pakati pa nsanja ziwiri, ndipo owerenga makhadi amati tanthauzo lake ndi kutha kwa china kuti china chiyambe. Khwangwala naye amangomunenera za maliro. Tatsegulani Baibulo. Mbalame yoyamba imene Nowa anatulutsa m'chingalawa ndi khwangwala, nkhunda inadza pambuyo. Buku la Levitiko limamuika pakati pa mbalame zodetsedwa, komabe amene ankabweretsera Eliya mkate ndi nyama m'mawa ndi madzulo kumtsinje wa Keriti anali akhwangwala. Mu Korani, khwangwala ndi amene anaonetsa mwana wa Adamu kakwiriridwe ka mbale wake. Makhadi ongomujambula pamanda asiya theka la mbiri yake.

14. Anatsogolera chombo kukapeza dziko.
M'nthano za anthu a ku Scandinavia, mulungu Odin anali ndi akhwangwala awiri, Huginn ndi Muninn, amene ankanyamuka m'bandakucha kuzungulira dziko lonse n'kubwera kudzamunong'oneza zimene aona. Imeneyo ndi nthano. Tsono imvani iyi ya m'mabuku akale a mbiri ya Iceland. M'zaka za m'ma 800, Flóki Vilgerðarson anakwera chombo ndi akhwangwala atatu. Ali pakati pa nyanja anamasula woyamba, ndipo anabwerera kumene anachokera. Wachiwiri anakwera m'mwamba, anazungulira, n'kuteranso pa chombo. Wachitatu analunjika kutsogolo osacheuka, ndipo Flóki anamutsata mpaka kufika pachilumba chimene iye mwini anachitcha Iceland. Chinsinsi chake n'chapafupi: mbalame ikakwera m'mwamba imaona mtunda umene munthu wa m'chombo sangauone.

15. Kwina ndi wakuba kuwala, kwina ali pa chisoti cha mfumu.
Agiriki akale ankati khwangwala poyamba anali woyera mbee, mthenga wa mulungu Apollo. Tsiku lina anabwera ndi uthenga woti wokondedwa wa Apollo, Coronis, akuzemberana ndi mwamuna wina. Apollo atapsa mtima anadetsa nthenga za mthengayo mpaka kalekale. Kwa a Haida ndi a Tlingit a kugombe la kumpoto chakumadzulo kwa America, khwangwala ndi kathyali amene anaba kuwala kotsekeredwa m'mabokosi ndi nkhalamba ina, n'kukumasulira dziko lonse. Eni nkhani zimenezi alipo mpaka lero, choncho makhadi abwino ozigwiritsa ntchito amatchula kumene azitenga. Nanga ku Bhutan? Kumeneko ndi mbalame ya fuko, ndipo mfumu ikavala chisoti chake chaulemu, pamwamba penipeni pamakhala mutu wa khwangwala.

16. Ku London khwangwala anachotsedwa ntchito.
Ku Tower of London amasunga akhwangwala osachepera 6. Ali ndi msilikali wowasamalira, ndipo amawadula nthenga zina za phiko kuti asapite kutali. Chifukwa chake? Akuti akadzachoka onse, ufumu wa Britain udzagwa, ndipo akuti lamulolo anaika ndi Mfumu Charles II m'zaka za m'ma 1600. Akatswiri a mbiri atafufuza anapeza kuti umboni wakale kwambiri wa mbalame zowetedwa pamalopo ndi wa m'zaka za m'ma 1880. Mwambo umenewu nawo ndi waung'ono kuposa mmene umadzitamira, monga nkhani ya ansembe a Farao ija. Koma ntchitoyo ndi yeniyeni, ndipo wosamvera amaona msana wa njira. Mu 1986 khwangwala wotchedwa George anachotsedwa n'kutumizidwa kumalo osungira nyama ku Wales. Mlandu wake? Kuwononga maeriyo a TV.

17. Khwangwala wa ndakatulo yotchuka alipo, mungakamuone.
Makhadi ambiri a akhwangwala amatengera mdima wa ndakatulo ya Edgar Allan Poe yotchedwa The Raven, yomwe inatuluka mu Januwale 1845. Mbalameyo inachokera kuti? Akhwangwala oweta amatha kutengera mawu a munthu, ndipo Charles Dickens anali ndi wake wolongolola wotchedwa Grip, amene anamuika m'buku la Barnaby Rudge mu 1841. Poe anawerenga bukulo, analemba ndemanga, n'kunena kuti mbalameyo ikanapatsidwa ntchito yaikulu. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti ndakatulo inaswedwa pamenepo. Grip atafa, Dickens anamuumitsa n'kumuika m'bokosi la galasi, ndipo lero ali ku Free Library of Philadelphia. Poe analandira ndalama zochepa zedi pa ndakatuloyo. Mu 1996 timu ya mpira wa ku America ya ku Baltimore, mzinda umene iye anaikidwako, inatenga dzina la Ravens, ndipo lero ndi ya ndalama zankhaninkhani.

18. Amasunga chida cha mawa.
Mu 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Lund ku Sweden anafalitsa zotsatira zododometsa. Anaphunzitsa akhwangwala kutulutsa chakudya m'bokosi pogwetseramo kamwala. Kenako anachotsa bokosilo. Pambuyo pake anawayalira zinthu zingapo kuti asankhepo chimodzi, kamwala kali pomwepo. Bokosi palibe, chakudya chachikulu chija sichikuoneka. Mukuti anasankha chiyani? Kamwala, n'kukagwiritsa ntchito bokosi litabwera, ngakhale patadutsa maola 17. Nthawi zambiri ankasiya kachakudya kakang'ono ka pompopompo n'kutola chida chodzapezera chokoma. Kale anthu ankati luso lotere ndi la munthu ndi anyani akuluakulu okha. Ndiye taonani: mbalame imene anthu amaiyesa yolosera za mawa, ntchito yake yeniyeni ndi kukonzekera mawalo.

19. Saiwala wowabera.
Ku Austria, mu 2016, akhwangwala anazolowezedwa kusuzumira pa kabowo n'kuona chakudya chikubisidwa. Itafika nthawi yawo yobisa, kabowoko kakakhala kotsegula ndipo akumva mawu a anzawo, ankabisa mwachangu osabwerera kukakonza pobisapo. Kakatsekedwa, ankachita mwachifatse. Chaka chotsatira kunamveka mayeso ena: mbalame ipereke kachidutswa ka buledi, munthu aipatse tchizi. Munthu mmodzi ankaperekadi, wina ankalandira buledi n'kudya tchizi yekha. Patatha mwezi, mbalamezo zinkasankhabe wachilungamo uja. Tengeranipo phunziro pogula pa intaneti. Makhadi achinyengo ndi ambiri: mtengo wotsika modabwitsa, zithunzi zachimbuuzi, kabuku ka matanthauzo palibe, dzina la wosindikiza palibe, ndipo wojambula salandirapo ngakhale tambala. Zimene zinamuonekera Pamela zisapitirire kudzera m'thumba lanu.

20. Mwambi wathu unayesedwa ku Seattle.
Akuluakulu anati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Mu 2006, John Marzluff ndi anzake a pa University of Washington anavala chigoba cha nkhope yachilendo pogwira akhwangwala 7 a mtundu wocheperako uja. Anawaveka tizizindikiro kumiyendo n'kuwamasula. Kuyambira pamenepo, aliyense wovala chigobacho akadutsa, kaya wamtali kaya wamfupi, mbalame zinkamukuwiza ndi kumuulukira pamutu. Wovala chigoba china ankadutsa mwamtendere. Mukuganiza kuti patapita zaka zinaiwalika? Okuwizawo anachuluka m'malo mochepa. Ambiri mwa iwo sanagwidwepo chibadwire, ndipo ena anali asanaswedwe n'komwe tsiku la msampha lija. Nkhope ya mdani anachita kuiphunzira kwa makolo ndi anzawo.

21. Makhadi atatu okha ali ndi njira 456,456.
Tengani khadi loyamba mwa 78, lachiwiri mwa 77, lachitatu mwa 76. Chulukitsani: 456,456. Mukalola makhadi ozondoka kukhala ndi tanthauzo lawolawo, monga anaphunzitsira Jean-Baptiste Alliette, wogulitsa mbewu wa ku Paris amene anayamba kusindikiza mabuku mu 1770 ndi dzina la Etteilla, nambalayo ifika 3,651,648. Nanga paketi yonse? Njira zondandalikira makhadi 78 ndi nambala yoti poilemba mufunika manambala 116, ndiye mukasakaniza bwino, dongosolo lili m'manja mwanu mwina silinaonekepo chiyambire. Choncho palibe chifukwa choyambira ndi makhadi 10 a kayalidwe ka Celtic Cross, kamene Waite anakafalitsa cha m'ma 1910. Atatu akwana: vuto, chopinga, chochita. Ndipo ngati mukufuna ozondoka, onani kumsana kwa makhadi. Khwangwala wa kumsana akaloza mbali imodzi yokha, waulula kale chinsinsi khadi lisanavundukulidwe.

22. Wowerenga weniweni ndi inu.
Mu 1948 mphunzitsi wa za maganizo, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake 39 mapepala n'kuwauza kuti lililonse likufotokoza khalidwe la mwini wake. Anawapempha malikisi kuyambira 0 mpaka 5 malinga ndi mmene pepalalo lalondolera. Avereji inali pafupifupi 4.3. Kenako anaulula: onse analandira mawu amodzimodzi, ambiri otengedwa m'kabuku ka zolosera nyenyezi kogula pogulitsira nyuzipepala. Palibe kafukufuku amene anatsimikizira kuti makhadi amaona za kutsogolo. Matenda ndi a dokotala, mlandu ndi wa loya, ndipo amene chikhulupiriro chake chimaletsa maula angathe kusirira luso la zithunzi n'kulekera pomwepo. Chimene khadi labwino limachita ndi kukuimitsani, kukuikirani chithunzi patsogolo, kuti munene nokha zimene mtima unkazengereza kunena. N'chifukwa chake chithunzi chomveka chimaposa chithunzi choopsa. Khwangwala anatchuka chifukwa choonetsetsa, kukumbukira ndi kukonzekera, ndipo makhadi oyenera dzina lake ndi amene amakuthandizani kuchita zitatu zomwezo.

Tsopano pitani mukasankhe nokha. Ena akuuzani kuti makhadi oyamba umachita kupatsidwa ngati mphatso, apo ayi sagwira ntchito. Olamulira a ku Milan ankaitanitsa okha n'kulipira okha. Werengani 78, sakani nambala 8, pemphani zikho 5, onani mchira, gwirani pepala, tembenuzani kumsana. Ndipo mnzanu akafunsa kuti zonsezi mwazidziwa bwanji, yambani ndi George ndi maeriyo ake. Zinazo apempha yekha.